KUTSUKA M'MPHUNO NDI MADZI A MCERE

Mvula ikatha, dzinthu zitalowa m'nkhokwe, nthenda zina zicepa m'midzi, koma zina ziyamba pomwepo. Kuyambira mwezi wa Juni kufikira Okutobala, anthu ambiri a ku Kaumbwe, a kwa Mwanjawanthu, a kwa Mumbi ndi a ku Nyimba adandaula ndi cimfine cosatha, mphuno zotsekeka, ndi mutu wolemera pamphumi. Cifukwa cace sicisowa. Miyezi imeneyi ndiyo yotonola cimanga, yopeta nsawa ndi mpendadzuwa, yolonga thonje, ndi yokhalitsa kucigayo. Ndiyonso ya mphepo ya Ogasiti youlutsa pfumbi la m'miseu, ndi ya utsi wa lupsya ndi wa oocha makala. Pa masiku a cisanu anthu aotha moto m'nyumba atatseka citseko, nagona mu utsi. Zonsezi zipita m'mphuno.

Pali njira yothandiza pa bvuto ili imene madotolo aibvomereza, ndipo siifuna ndalama zambiri: ndiyo kutsuka m'mphuno ndi madzi a mcere. Mcere ulimo m'nyumba iri yonse, madzi alipo, moto ulipo. Komatu njira imeneyi iri ndi lamulo lace limodzi losayenera kulumphidwa, ndilo lakuti madziwo ayambe awira. Wosunga lamulo ili apeza thandizo. Wolinyoza akhoza kudzitengera nthenda yoposa imene anafuna kuciza.

1. MAMANGIDWE A MPHUNO

Munthu wamkuru apuma mpweya woposa malita 10,000 tsiku liri lonse, ndipo wambiri wa mpweyawo upita m'mphuno. Mphuno siiri khomo cabe ai. Iri ndi nchito yofunditsa mpweya, kuunyowetsa, ndi kuusefa usanafike m'mapapo. M'kati mwace monse muli kakhungu kofewa, konyowa, koturutsa mamina kosaleka. Mamina awa ali ngati ulimbo wa anyamata osaka mbalame: pfumbi, mungu wa maluwa ndi tizirombo zikagwerapo zimatirira. Ngakhale munthu wosadwala aturutsa mamina ngati lita imodzi pa tsiku, nawameza osadziwa.

Pa kakhunguko pali tiubweya tambirimbiri tosaoneka ndi maso. Tigwedezeka kakhumi kapena kuposa pa sekondi imodzi, tonse kuloza mbali imodzi, monga udzu wa m'dambo uwerama ndi mphepo. Tiubweya timeneti tikankha mamina pang'onopang'ono kunka kummero, ndi pfumbi lonse limene agwira, ndipo kumeneko amezedwa.

Kuzungulira mphuno, m'kati mwa mafupa a nkhope, muli timapanga todzala mpweya, timene madotolo atichula sinus. Tiri m'magulu anai, gulu liri lonse kumanja ndi kumanzere: ta m'masaya, ta pamphumi pamwamba pa nsidze, ta pakati pa maso, ndi ta m'kati, kumbuyo kwa mphuno. Dotolo wa ku England, Nathaniel Highmore, analongosola ta m'masaya m'buku lace m'caka ca 1651. Timapanga tonse tiri ndi kakhungu komweko ndi tiubweya tomweto, ndipo kali konse kali ndi kakhomo koturukira m'mphuno, kocepa ngati phesi la udzu.

Kaphanga ka m'tsaya ndiko kakakuru mwa tonse, ndipo kali ndi cinthu codabwitsa. Kakhomo kace kali pamwamba, pafupi ndi denga, osati pansi. Kafanana ndi mtsuko woimirira, umene sutaya madzi wokha. Mamina aturukamo cifukwa tiubweya tiwakweza kufikira pa kakhomoko. Tikafooka, mamina akhala m'menemo. Ndiponso mizu ya mano a m'mwamba a kumasaya iri pafupi ndi pansi pa kaphangako. Cifukwa cace nthenda yace imveka nthawi zina ngati kuwawa kwa dzino, ndipo dzino lobvunda likhozanso kudwalitsa kaphangako.

2. CIYAMBI CA NTHENDA

Cimfine, pfumbi, utsi, fodya kapena mungu zikapweteka kakhungu ka m'mphuno, katupa. Kakatupa, timakomo tija titsekeka, mamina alimba, ndi tiubweya tilephera kuwasuntha. Pomwepo munthu amva mphuno yotsekeka, ndi kulemera m'masaya, pamphumi kapena kumbuyo kwa maso. Kuwawaku kukula akawerama, monga potola nsawa kapena pokoleza moto. Mamina akhala olimba, acikasu kapena obiriwira. Ena atsikira kummero namtsokomoletsa usiku. Pfungo la ndiwo salimva, ndi cakudya sicikoma.

Nthenda iyi iri ya mitundu iwiri. Yoyamba ndi yaifupi, yotsata cimfine. Kawirikawiri iyamba ndi mavairasi, ndipo itha yokha pa masabata awiri kapena atatu. Yaciwiri ndi yokhalitsa, yopitirira masabata 12, imene icepa ndi kukulanso caka conse.

Pano pali cinthu cimene ambiri alakwa. Akaona mamina obiriwira athamangira kumsika kukagula makapisozi a amoxicillin, namwa awiri atatu, naleka. Koma maonekedwe a mamina okha sasonyeza kuti afunika mankhwala otere. Makapisoziwo apha mabakiteriya, sapha mavairasi. Womwa popanda cifukwa ataya ndalama, ndiponso azoloweretsa tizirombo mankhwalawo, kotero kuti tsiku lina cibayo cikadza sagwiranso nchito. Woyenera kunena ngati afunika ndiye dotolo kapena namwino.

3. NCHITO YA MADZI A MCERE

Madzi a mcere si mankhwala akupha tizirombo. Nchito yao ndi kutsuka. Mlimi wa kudimba adziwa kuti ngalande ikadzala matope ndi zinyalala madzi aima, akaikonza ayendanso. Momwemonso madzi a mcere asungunula mamina olimba, acotsa pfumbi, mungu ndi nkhanambo za mamina ouma, napatsa tiubweya danga loyambanso nchito yao. Timakomo tikayera, timapanga tiyamba kudzikhuthula tokha.

Nanga mcere ufunikiranji? Madzi a m'thupi la munthu, monga misozi ndi mwazi, ali ndi mcere wao. Madzi ofanana nao ndiwo a magalamu 9 a mcere pa lita imodzi. Madzi opanda mcere alasa m'mphuno natupitsa kakhungu, monga adziwa ali yense amene madzi anamlowa m'mphuno posambira. Mcere wopitirira muyeso uocha ndi kuumitsa. Wa pa muyeso sumveka konse.

Njira iyi si yatsopano. Anthu a ku India atsuka m'mphuno kuyambira kale lomwe, naichula neti. Lero kambiya ka mlomo wautali kothirira madziwo kagulitsidwa m'maiko ambiri ndi dzina lomwelo. Asilamu nao akoka madzi m'mphuno posamba asanapemphere. Catsopano ndi cakuti madotolo aiyesa pa anthu ambiri, nawerenga zoturukapo.

M'caka ca 2002 madotolo a ku Wisconsin, m'dziko la America, anasimba za anthu 76 obvutika kawirikawiri ndi nthenda ya timapanga. Ena anauzidwa kutsuka m'mphuno tsiku ndi tsiku miyezi 6, ena anakhala monga mwa masiku onse. Otsukawo anapeza bwino koposa anzao, ndipo anamwa mankhwala ocepa. M'caka ca 2016 Professor Paul Little ndi anzace a ku University of Southampton, ku England, anasimba za anthu 871 a nthenda yokhalitsa kapena yobwerezabwereza. Anayesa njira ziwiri: kutsuka ndi madzi a mcere, ndi kufukiza nthunzi munthu atafunda nsaru kumutu. Kutsuka kunathandiza, ngakhale si modabwitsa. Mutu unacepa kuwawa, ndi ogula mankhwala m'sitolo anacepa. Nthunzi inacepetsako kuwawa kwa mutu kokha, osasintha zina. M'caka ca 2024 akatswiri a komweko anasimbanso za anthu 13,799, ndipo anapeza kuti opopera madzi a mcere m'mphuno cimfine cikangoyamba anacepetsa masiku a kudwala ngati gawo limodzi mwa magawo asanu.

Tsono njira iyi siiciza zonse, ndipo siiciza tsiku limodzi. Ipepuza, nifupikitsa masiku. Wa nthenda yokhalitsa aona kusintha atatsuka masabata angapo osadumpha. Kuona maso a nkhono nkudekha.

4. LAMULO LA MADZI

Anthu ambiri aganiza kuti madzi oyenera kumwa ayeneranso m'mphuno. Si cotero ai. Madzi omwedwa atsikira m'mimba, m'mene muli madzi owawasa akupha tizirombo tambiri. M'mphuno mulibe mlonda wotere. Ndiponso denga la mphuno ndi pfupa lopyapyala, la timabowo ngati sefa, ndipo m'timabowomo mupita timitsempha tonunkhizira, kunka ku bongo. Pakati pa mphuno ndi bongo pali pafupi ndithu.

M'madzi ofunda osayenda, monga a m'maiwe, m'madamu ndi m'zithaphwi, ndi m'matope a pansi pa mitsinje, mukhala kacirombo kosaoneka ndi maso kochedwa Naegleria fowleri. Kakonda kutentha, ndipo kacuruka ngakhale m'madzi ofika 46°C. Kapezekanso m'mathanki ndi m'mipope m'mene madzi akhalitsa ali ofunda. Nthenda yace inadziwika m'caka ca 1965, pamene madotolo awiri a ku Adelaide, m'dziko la Australia, Malcolm Fowler ndi Rodney Carter, anakapeza m'bongo wa anthu akufa. Dzina lace licokera kwa Fowler.

Munthu akakameza sadwala, ndipo wodwala sapatsira mnzace. Koma kakalowa ndi madzi pamwamba m'mphuno, kakwera ndi timitsempha tija, nikafika ku bongo, nikauononga. Patapita masiku ngati asanu munthu amva mutu waukuru, atentha thupi, asanza, auma khosi, asokonezeka nzeru, nakomoka. Imfa itsata patapita masiku owerengeka. Ku America anawerenga anthu 164 ogwidwa ndi nthenda iyi pakati pa 1962 ndi 2023, ndipo opulumuka anali anai okha.

Ambiri a iwo anaitenga posambira, koma si onse. M'caka ca 2011 ku Louisiana, m'dziko lomwelo, mwamuna ndi mkazi a m'midzi yosiyana anafa atatsuka m'mphuno ndi madzi a pampope osawiritsa, ndipo kacirombo kanapezeka m'mipope ya m'nyumba zao. Mu mzinda wa Karachi, ku Pakistan, anthu ambiri afa nayo kuyambira 2008, ocuruka a iwo osasambira konse, ndipo madotolo a kumeneko aloza madzi a pampope okokedwa m'mphuno. Munthu asayese kuti ndi nthenda ya kutali yokha. M'caka ca 2017 madotolo a ku Lusaka analemba za mnyamata wa m'dziko la Zambia amene anaitenga atasambira mumtsinje, namwalira.

Nthenda iyi siicitika kawirikawiri, ndipo anthu miyandamiyanda atsuka m'mphuno tsiku ndi tsiku osaona coipa. Palibe cifukwa coopera kutsuka. Coyenera kuopa ndi madzi osawiritsa, pakuti diso silikhoza kusiyanitsa madzi okhala ndi kacirombo ndi opanda. Akuru anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Madzi akhoza kukhala oyera mbee, okoma pakamwa, osadwalitsa womwa, koma osayenera m'mphuno. Makamaka m'malimwe, pa miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene mitsinje yaphwa ndi kutsala maiwe ofunda, monga kucigwa ca Luangwa, ngozi ikula. Ndipo nyengo yomweyo ndiyo imene mphuno zibvuta.

Cifukwa cace lamulo liri limodzi pa madzi onse. A mumtsinje, a m'dambo, a pacitsime, a pamjigo, a pampope, a mvula ya pa malata, ngakhale a m'botolo la m'sitolo: onse awire asanalowe m'mphuno. Kusefa ndi nsaru kucotsa matope, koma kacirombo kapyola. Mankhwala a klorini othira m'madzi akumwa ndi abwino pa nchito yao yoletsa kolera ndi kutsegula m'mimba, koma muyeso wa madzi akumwa sudalirika pa nchito iyi. Osafunika kuwiritsa ndi madzi a mcere okonzedwa kale, ochedwa normal saline, opezeka kucipatala ndi m'sitolo za mankhwala, cikhala cotsekera cao sicinatsegulidwe.

Bungwe la ku America loyang'anira nthenda, la CDC, linena kuti madzi agaduke mphindi imodzi yathunthu, ndipo pa mapiri atali opitirira mamita 2,000 mphindi zitatu. Dziko la Petauke ndi Nyimba silifika pamenepo; koma popeza ambiri alibe wochi pafupi ndi moto, nkwabwino kuwasiya agaduke mphindi zitatu kufikira zisanu. Kufunda kokha, kapena kuyamba kulira m'ketulo, si kuwira. Nkhuni zace sizicuruka: mai akaphika madzi a tiyi m'mawa aonjezepo theka la lita, napatule.

Ana osambira m'maiwe ofunda aphunzitsidwenso kugwira mphuno polumphira m'madzi, ndi kusabvundula matope a pansi.

5. KAKONZEDWE KA MADZI

Coyamba, munthu asambe m'manja ndi sopo, natsuke mphika kapena ketulo, kuti musakhale mafuta kapena ndiwo.

Caciwiri, awiritse madzi monga kwanenedwa, nawabvundikire, nawasiye azizire kufikira atsala ofunda ngati thupi la munthu. Ayese podonthezera pa mkono. Asathiremo madzi ozizira osawiritsa kuti afulumire, pakuti potero aononga nchito yonse.

Cacitatu, pa theka la lita, ndilo botolo la 500 ml, athire supuni yaing'ono ya tiyi imodzi ya mcere wosalala, yosefula pamwamba ndi mpeni, yosaunjika. Supuni yotere itenga ngati magalamu 5. Mcere wa miyala uyambe waperedwa, ukhale woyera, wopanda mcenga, ndipo uthiridwe madzi ali pamoto. Mcere wa m'sitolo uli ndi iodine. Ena amva kulasa pang'ono nao, koma suli woopsya.

Cacinai, ngati ilipo soda yoyera ya m'paketi, yophikira therere ndi zitumbuwa, athireko theka la supuni yaing'ono, icepetsa kulasa. Ikasowa, mcere wokha ukwana. Cidulo ca phulusa cisalowe m'malo mwa soda, pakuti mphamvu yace siidziwika, ndipo cikhoza kuocha kakhungu.

Cacisanu, abvundule ndi supuni yoyera kufikira mcere wasungunuka, nasunge madziwo m'cotengera cotsukidwa ndi madzi owira, cokhala ndi cibvundikiro. Agwire nchito tsiku lomwelo. Akapitirira maora 24 atayidwe, ndi kukonza ena.

6. KATSUKIDWE KACE

Cothirira cikhoza kukhala cobayira jekeseni catsopano cacikuru, ca 20 ml kapena kuposa, cocotsa singano. Kapena kabotolo kofinya kogulitsidwa m'sitolo za mankhwala. Kapena katiyipoti kakang'ono kopatulidwira nchito iyi yokha.

Munthu aime kapena akhale, nawerame pa beseni, nkhope kuloza pansi, napendeke mutu kotero kuti mphuno imodzi iri pamwamba pa inzace. Atsegule pakamwa, napume ndi pakamwa nthawi yonse, osalankhula, osameza. Alowetse mlomo wa cothirira pang'ono m'mphuno ya pamwamba, kuloza kumbuyo kwa mutu, osati kumwamba, nathire pang'onopang'ono. Madzi azungulira kumbuyo naturukira m'mphuno ya pansi. Ena akafika m'kamwa awalabvule. Akathira ngati theka la kapu, apendekere mbali ina, nacite comweco. Pomariza amine mofatsa, mphuno zonse ziwiri ziri zotseguka. Kumina ndi mphamvu kukankhira madzi m'makutu.

Wopanda cothirira akhoza kuthira madziwo m'cikhato cosamba bwino, natseka mphuno imodzi ndi cala, nakoka madzi mofatsa ndi inzace, nawasiya aturuke. Abwereze katatu kapena kanai mbali iri yonse. Njira iyi siitsuka patali monga yothira, koma ithandiza.

Kamodzi kapena kawiri pa tsiku kukwana. Nthawi yabwino ndi m'mawa, ndi madzulo pocokera ku nchito ya pfumbi, monga kucigayo kapena kopunthira. Asatsuke pomwe afuna kugona, pakuti madzi otsalira aturuka pambuyo pace. Papite ora limodzi. Cimfine cikatha aleke. Wa nthenda yokhalitsa apitirize monga namwino amlangiza.

Masiku oyamba munthu amva zacilendo, ndipo misozi ituruka. Madzi akalasa, mcere wacuruka kapena wacepa, kapena madzi azizira. Khutu likatsekeka kapena kuwawa, wathira ndi mphamvu. Apumule, nayesenso tsiku lina mofatsa.

Atatha, atsuke cothirira ndi sopo, nacitsukuluze ndi madzi owiritsa, naciumitse pamalo oyera posafika nchenche. Cothirira conyowa cimera nkhungu ndi tizirombo. Ali yense akhale ndi cace, monga mswaci; ngakhale mwamuna ndi mkazi wace asabwerekane.

7. ZA ANA

Khanda lipuma ndi mphuno, ndipo ikatsekeka lilephera kuyamwa. Khanda silithiridwa madzi monga wamkuru, pakuti likhoza kutsamwa. Mai aligoneke cagada pa miyendo, nadonthezere madontho awiri kapena atatu a madzi a mcere owiritsa m'mphuno iri yonse asanayamwitse, nalidzutse, napukute mamina ndi kansaru koyera. Asalowetse kamtengo, nthenga kapena thonje la pa kamtengo. Mwana wokulirapo aphunzire poona akuru ace, ndipo atsuke yekha pamene afuna; wokana asagwidwe ndi mphamvu.

Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi, ndi mwana ali yense wopuma mofulumira, wolowa nthiti popuma, kapena wokana kuyamwa ndi kumwa, apite kucipatala tsiku lomwelo. Zimenezi si za mphuno yokha.

Mwana akaturutsa mamina onunkha mbali imodzi yokha, kawirikawiri walowetsamo kanthu, monga njere ya cimanga, nyemba, nsawa kapena mkanda. Asathiridwe madzi, pakuti njere ifufuma. Asatokosedwe, pakuti ilowa patali. Anamwino ali ndi zida zocotsera.

8. ZOYENERA KUPEWA

Asatsuke munthu amene akukha mwazi m'mphuno, wodwala khutu, wobvulala nkhope kapena mutu posacedwa, ndi wocitidwa opaleshoni ya mphuno kapena khutu dotolo asanalole. Mphuno ikatsekeka kotheratu, madzi asakankhidwe ndi mphamvu. Wa nthenda ya shuga, wa HIV, ndi womwa mankhwala a khansa ayambe afunsa kukiliniki, ndipo asamale madzi koposa onse, pakuti thupi lao licedwa kugonjetsa tizirombo.

M'mphuno musathiridwe madzi a adyo, a mandimu, a tsabola, a makungwa kapena a mizu, ngakhale mafuta opaka pacifuwa. Zimenezi ziocha kakhungu ndi kupha tiubweya. Fodya wa m'mphuno ayetsemulitsa, ndipo munthu ayesa kuti watsegula. Koma atupitsa kakhungu naonjeza nthenda.

Madontho a m'sitolo otsegula mphuno, monga xylometazoline ndi oxymetazoline, atsegula msanga ndithu, koma asapitirire masiku asanu. Wopitiriza apeza kuti mankhwala akatha mphamvu mphuno itsekeka koposa kale, nakhala kapolo wa kabotolo. Madzi a mcere alibe bvuto ili.

Kufukiza nthunzi ya masamba a bulugamu kunafala kwambiri m'zaka za 2020 ndi 2021, pa mliri wa Covid-19. Wamkuru wofuna kutero adziwe kuti thandizo lace licepa, monga kwaonetsedwa kale, ndipo ngozi yace ndi kupsya. Mwana asafundikidwe bulangeti pamodzi ndi mphika wa madzi otentha, pakuti akaugwetsa apsya miyendo ndi mimba, ndipo zironda za moto zicedwa kupola.

Kutsuka kokha sikukwana ngati pfumbi ndi utsi zilowabe. Wogwira nchito kucigayo, wopuntha, ndi wothira mankhwala a ufa m'cimanga amange nsaru pamphuno. Wosesa awaze madzi poyamba. Khichini ikhale ndi zenera loturutsa utsi, ndi nkhuni zikhale zouma.

9. NTHAWI YOPITA KUCIPATALA

Madzi a mcere ali ndi malire ace. Timapanga tiri pafupi ndi maso ndi bongo, ndipo nthawi zina mafinya adutsa pfupa nafika kumeneko. Munthu aleke kudzisamalira yekha, napite msanga, usiku kapena usana, akaona cimodzi ca izi:

(a) cikope kapena tsaya latupa ndi kufiira, kapena diso latong'oka;
(b) aona zinthu ziwiriziwiri, kapena maso acita cidima;
(c) pamphumi patupa;
(d) mutu waukuru pamodzi ndi kuuma khosi, kusanza, kuopa kuwala, kulankhula zosamveka, kugona kosadzuka, kapena kukomoka.

Wofika ndi zizindikiro za (d) auze dotolo ngati anasambira m'madzi ofunda kapena kukoka madzi osawiritsa m'mphuno pa masabata awiri apitawo. Akalephera kunena yekha, womdikira anene.

Apitenso kukiliniki, ngakhale si mothamanga cotero, ngati papita masiku 10 osasintha; ngati anayamba kupeza bwino nadwalanso koposa; ngati nthenda yapitirira masabata 12; ngati dzino la m'mwamba labvunda; kapena ngati mphuno imodzi yokha yatsekeka nthawi yaitali ndi kukha mwazi. Ndipo popeza malungo apezeka m'dera lino ngakhale m'malimwe, ali yense wotentha thupi ndi kumva mutu ayezetse mwazi, asangoti ndi cimfine. Kuyeza pa cala kutenga mphindi ngati 20.

Kiliniki ya pafupi ndiyo poyambira. Za maso ndi za bongo zifuna cipatala cacikuru, monga ca Petauke, ca Kalindawalo, ca Minga, ca Nyanje kapena ca Nyimba. Pa zimenezi kudikira kuti kuce, kapena kuti ndalama ya thonje ibwere, kukhoza kutayitsa diso kapena moyo. Abale ndi anansi athandizane njinga, ngolo kapena ndalama ya ulendo.

Wodziwa kuwerenga awerengere anzace phunziro ili, makamaka okalamba ndi amai a ana ang'ono, nawaonetse muyeso wa mcere ndi supuni m'manja. Pophunzitsa mnzace katsukidwe asasiye mau a madzi owiritsa, pakuti wolandira theka la cilangizo ici ali pa ngozi koposa wosacimva konse.

MAFUNSO

1. Kodi mamina ndi tiubweya ta m'mphuno zigwira nchito yanji?
2. Cifukwa ninji kaphanga ka m'tsaya kacedwa kudzikhuthula?
3. Cifukwa ninji madzi oyenera kumwa sayenera m'mphuno asanawire?
4. Pa botolo la 500 ml pafunika mcere wocuruka bwanji, ndipo madziwo asungidwe nthawi yotani?
5. Khanda lotsekeka mphuno lithandizidwa bwanji, ndipo cosayenera kucitidwa nciani?
6. Ndi zizindikiro ziti zimene zifuna cipatala tsiku lomwelo?